Kiyibodi ya apongozi ndi zilembo ziwiri zosochera

Sabata ino ndinalonjeza kulemba ndemanga ya kiyibodi. Eya, kiyibodi, thabwa la mabatani lolembera pa kompyuta lija. Musaseke. Amene ndinawalonjeza ndi apongozi anga, mwamuna wa mwana wanga Naomi, ndipo nonse mukudziwa kuti mkamwini sanamizidwa. Ndemangayo muimva ndithu. Koma mundilole ndidzere ku kiliniki, poti nanenso ndi kumene ndinadzera.

Apongozi angawa timawatchula kuti bashi Taonga, kutanthauza bambo wa Taonga, mdzukulu wanga. Ndi munthu wofatsa, wokonda mapemphero, ndipo amaimba gitala kutchalitchi kwawo. Masana amakonza makompyuta kumafakitale kuno ku Kafue. Koma munthu aliyense ali ndi kake kamene kanamulowa m'magazi. Ena amaweta nkhunda, ena amafera mpira. Iwo ndi makiyibodi. Amaitanitsa tizidutswa kuchokera kutali, n'kukhala pansi kumatsegula batani lililonse, kulidzoza mafuta ndi kabulashi, kulitsekanso, kenako kulumikiza zonse ndi manja awo. Akamaliza amajambula kavidiyo zala zikugogoda, n'kutumizira anzawo a matenda omwewo kuti amve kulira kwake. Naomi amati anthuwa amatha kukangana mpaka kusiya kupatsana moni chifukwa cha phokoso la batani limodzi.

Lamlungu ataweruka kutchalitchi anafika kwanga ku Nangongwe, Naomi patsogolo, iwo pambuyo atanyamula chinthu chokulungidwa m'chitenje. Anagwada chapatali, n'kupereka mtolowo kwa mkazi wawo kuti ndiye andipatse.

"Ba mayo, iyi ni yanu," anatero maso ali pansi. "Napanga neka, kuyambila pa thabwa. Nifuna chabe mulembeko mu nyuzi. Vitatu chabe: mwamene ionekela, mwamene ililila, na mwamene imvekela ku zala. Imwe munagwilapo ma taipilaita ya zoona. Mukakamba imwe, banthu bazamvela."

Ndani amadana ndi kutamandidwa? Ine ayi.

Amene mumawerenga danga lino kawirikawiri mukudziwa kuti ndinakalambira pa taipilaita. Ndinaphunzira pa makina achitsulo aja ofuna mphamvu, kwa mphunzitsi wina wamayi amene ankayenda ndi rula, kapena lula, mmene mungafunire kutchulira. Ukayang'ana zala zako, rula. Ukasokoneza L ndi R, rula kawiri. Ankati ife olankhula Chinyanja lilime lathu silisiyanitsa zilembo ziwirizi, ndipo sankanama. Ankati pakamwa ukhoza kunena kuti ukupita ku Rusaka, palibe adzakumange, koma papepala ayi.

Lilime langa limatererekabe mpaka lero. Koma zala zanga zinatuluka m'kalasimo zitawongoka. Zaka zonse zimene ndinagwira ntchito mu ofesi ya fakitale ina, palibe bwana amene anandibwezera pepala chifukwa cha zilembo zimenezi. Ndapuma pantchito, maso ayamba kufuna magalasi, mawondo amadandaula ndikamakwera minibasi, koma zala zokha ndimadzitama nazo. Anzanga ali ndi ng'ombe, ine ndili ndi zala.

Tsono tiyambe ndemanga ija, apongozi angaganize kuti ndawazemba.

Maonekedwe. Apa palibe chonena. Anaiika m'thabwa la mukwa lopalidwa bwino, losalala moti ungafune kuliyeseza patsaya. Mabatani ake ena ndi obiriwira, ena ndi ofiirira ngati madzi a mtsinje wathu mvula ikagwa. Koma nditayang'anitsitsa ndinapeza kuti pa mabatani onsewo palibe chilembo ngakhale chimodzi. Onse ndi osalemba.

"Nanga zilembo zili kuti, apongozi?"

"Malembo ni ya ma lena, baja bophunzila, ba mayo. Imwe simuyangana pansi."

Mwaona mmene amakodwera munthu wamkulu? Ndinangomwetulira.

Kulira kwake. Bashi Taonga anagogoda mabatani angapo n'kutsinzina ngati ali m'pemphero. "Mvelani thoko, ba mayo. Mvelani thoko iyo." Ine Thoko amene ndimamudziwa ndi mtsikana wogulitsa repu pamsika, koma kunapezeka kuti ndi dzina limene anthu a makiyibodi amatchulira phokoso lozama, lokhuta. Ndipo ndivomere, n'lokoma. Si tchatchatcha wa makiyibodi apulasitiki a m'maofesi aja. Iyi imati tho, tho, tho, motsika, mosapupuluma, ngati munthu waulemu akugogoda pachitseko.

Mmene imamvekera ku zala. Batani limayamba lakana pang'ono, kenako n'kulola, ndipo ukalisiya limadzuka lokha kudzakumana ndi chala. Linandikumbutsa makina anga akale, kungochotsapo ululu wa m'mapewa.

Zonsezi ndinaziyesa kiyibodi ili pamiyendo panga, chifukwa magetsi anali atazima, monga mwa chizolowezi chawo. Apongozi anailumikiza ku kompyuta yozima, n'kunyamula yanga yakale kuti akaitsuke. Tinatsanzikana aliyense ali wokondwa. Palibe amene anaona chilembo ngakhale chimodzi chimene chinthucho chimalemba.

Lachiwiri m'mawa magetsi alipo, ndinakhala pansi kuti nditaipe pulogalamu ya mapemphero a Lamlungu, imene mlembi wa mpingo wathu amandibweretsera atailemba pamanja. Mitu yake imakhala m'Chingerezi, nyimbo m'Chinyanja. Maso anga anali papepala, monga ndinaphunzitsidwira, zala zikuvina zokha, thoko akumveka nyumba yonse. Ndinafika pansi pa tsamba ndikudzimva mtsikana. Kenako ndinakweza maso kuti ndione ntchito yanga.

Mzere woyamba unayenera kukhala "Let us pray", tiyeni tipemphere. Pa sikirini panali "Ret us play". Tiyeni tisewere, ndipo ngakhale kusewerako liwu loyamba litapunduka.

Pansi pake panali "Plaise the Rold". Mulungu anali atasanduka Murungu. M'nyimbo ina, kulira kunali kurila.

Ndinaseka. Ndinaganiza za abusa athu atayimirira kutsogolo n'kuuza mpingo wonse kuti usewere. Ndinafufuta mzerewo n'kuutaipanso mofatsa, chala chimodzi chimodzi.

Ret us play.

Kuseka kunathera pomwepo.

Kuti mumvetse chimene chinandigwira, ndikuuzeni za alongo anga a Yotamu. Ndi akulu kwa ine, mlimi wa tomato ndi kabichi ku Shimabala, munthu amene ankanyamula thumba la feteleza paphewa akuimba mluzu. Chaka china mauthenga awo a pafoni anayamba kubwera osokonekera, zilembo zitadumphana, mawu atadukira pakati. Tikawafunsa ankati, "Ni foni iyi, yafa." Kapu itawapulumuka m'manja anati inali yoterera. Mwendo utayamba kukoka anati nsapato yakula. Anatero masiku angapo, mpaka tsiku limene anagwa m'munda pakati pa tomato. Kuchipatala anati ndi sitiroko, ndipo anati akanabwera zitangoyamba mwina nkhani ikanakhala ina. Lero dzanja lawo lamanja limangolendewera, ndipo liwu lililonse amachita kulikoka kuchokera kutali.

Ndiye m'mawa umenewo, mtima utangoti undiuze kuti "ndi kiyibodi iyi", m'makutu mwanga munamveka mawu a alongo anga. Ni foni iyi.

Komanso ikanalakwa bwanji kiyibodi? Yopangidwa ndi katswiri amene mafakitale amamudalira, batani lililonse lodzozedwa mafuta, mwinanso lopemphereredwa? Zilembo zina zonse zinkatuluka bwinobwino. Zosokonekera zinali ziwiri zokha, zomwe zija zimene lilime langa lakhala likusokoneza chibadwire. Ndinati basi, chimene rula anamanga chamasuka. Mutu wayamba kubwerera kumudzi.

Ndinayang'ana mabatani kuti andithandize. Anangondiyang'ananso, okongola, osalemba kanthu. Kodi L amakhala kudzanja lamanja kapena lamanzere? Chinthu chimene ndachidziwa moyo wanga wonse, ndinayamba kuchikayikira. Chala chimene ndinkachikhulupirira chinayamba kumveka dzanzi. Mutu unalemera mbali imodzi, kenako mbali inayo.

Ndikudziwa mukuti chiyani. Mukuti bwanji sanayang'ane pa foni kuti aone pamene zilembozo zimakhala? Bwanji sanaimbire mkamwini wakeyo? Mafunso abwino kwambiri, ndipo ndi osavuta kufunsa munthu utakhala pampando ukumwa tiyi. Mantha alibe nzeru. Ndiponso ndikanayamba bwanji? Ndiimbe foni n'kunena kuti apongozi, mphatso imene munandipatsa mutagwada ija ndi yopunduka? Kwathu sititero.

Ndinapita pagalasi. Ndinamwetulira kuti ndione ngati pakamwa papotoka. Ndinakweza manja onse m'mwamba. Ndinatulutsa lilime. Ndi mmene anandipezera a neba anga bana Mutinta, ndiye kuti amake Mutinta, amene analowa osayembekezera kuyankhidwa odi, akudzabwereka sefa.

"Ba neba! Muli che bwino?"

"Nili che bwino," ndinatero, manja akadali m'mwamba.

Mwamva? M'maganizo ndayamba kale kuona Naomi akundisambitsa ndi kundidyetsa phala, koma pakamwa pakutuluka "nili che bwino". Mawu amenewa tinawaphunzira kuti? Sindikukumbuka aliyense atandiphunzitsa, koma amatuluka okha, osadzera n'komwe m'mutu.

Bana Mutinta si munthu wopusitsika. Ndi mayi wachichepere, amagulitsa salaula, zovala zakaunjika zija, pamsewu, ndipo amapemphera ku umodzi wa mipingo ya moto ija. Akayamba pemphero kwawo, ife a nyumba zoyandikana timangoyankha amen. Anaika sefa pansi n'kundiyang'ana mpaka ndinatsitsa manja. Ndinawalozera sikirini, ndipo ndinawauza zonse, za rula, za zala, za a Yotamu. Ndikulankhula choncho misozi inayamba kutsika, ine amene sindilira pamaso pa ana.

Ndinkayembekezera botolo la mafuta odzozera ndi dzanja pamutu. Ndinali nditakonzeka kugwada.

"Tizapemphela," anatero, "koma tizapemphelela mu basi. Mulungu amvela na mu basi. Valani nsapato, manje manje."

"Lekani nisilize pulogalamu ya chalichi."

"Chalichi izasewela. Tiyeni."

Ndipo anapempheradi, anthu inu. Kuyambira pamene tinakwerera mpaka potsikira, dzanja limodzi pa bondo langa, lina akugwira mpando wakutsogolo. Anadzudzula mzimu wa sitiroko, anatchula dzina langa lonse, anakumbutsa Mulungu kuti ndimataipa mapulogalamu a nyumba Yake. Kondakitala anavula kapusi, n'kuti, "Amen. Ba mayo, sendelani ko, tikweze umozi."

Kukiliniki, bana Mutinta atangotchula liwu loti sitiroko, nesi sanatisiye pamzere. Anandilowetsa, anandiuza kuti ndimwetulire, ndikweze manja, ndimufinye zala, ndibwereze mawu amene iye ananena. Anandipatsa cholembera kuti ndilembe dzina langa ndi kumene ndimakhala. Zonse zinayenda bwino. Anaitana mnzake wamkulu, nayenso anandiyesa, nayenso sanapeze chizindikiro cha chimene ndinkaopa. Mpweya umene ndinapuma pamenepo sindinaupumepo chibadwire.

Koma atandimanga lamba woyezera bipi pamkono, nesi uja anakwinya nkhope. Anati mwina ndi mantha, ndikhale kaye pabenchi mtima utsike. Atayezanso, inali ikadali pamwamba.

"Munapimisa liti last, ba mayo?"

Ndinayang'ana kudenga. Ndinayesa kukumbukira. Ndikuganiza kuti Taonga, amene tsopano ali kusukulu, anali asanayambe kukwawa.

"Simumvela mutu kubaba? Maso kuchita mdima mukaima?"

Mutu umandipweteka, inde, koma ndinkati ndi dzuwa. Maso amachita mdima, koma ndinkati ndi magalasi akalamba. Ndikuyankha choncho ndinadzimva ndekha mmene ndinkamvekera. Dzuwa. Magalasi. Kapu yoterera.

Anandipatsa mankhwala ndi tsiku loti ndibwerenso, n'kundiuza zoti ndichepetse mchere. Potuluka anati, "Mwachita bwino kubwela. Bambili babwela bowanyamula."

Ndinabwerera kunyumba theka ndili wopepuka, theka ndikadali ndi funso. Ngati mutu uli bwino, nanga zala zanga zalowa chiyani? Sindinayandikire kompyuta. Ndinaifunditsa nsalu ngati yamwalira.

Bana Mutinta anali ataimbira kale Naomi tili m'minibasi, pakati pa pemphero. Choncho dzuwa litapendeka anatulukira onse awiri, Naomi maso ali ofiira, mwamuna wake akadali ndi yunifomu ya kuntchito. Naomi sanafune kumva zoti kukiliniki sanapeze kanthu. Anati amayi ayenera kukajambulidwa mutu ku Lusaka, mawa lomwe, ndipo anauza mwamuna wake kuti afufuze pa kompyuta kumene amajambula.

Bashi Taonga anapempha chilolezo, anavundukula nsalu ija, n'kukhala pampando wanga. Tho, tho, tho, tho. Ngakhale pa nthawi ngati imeneyo ndinaona khutu lawo likusangalala. Kenako anakweza maso.

Anafufuta. Anataipanso.

Ndinasendera kuti ndione. Pa sikirini panali liwu limodzi.

Rusaka.

Anafufutanso, n'kutaipa ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, monga ndinachitira ine m'mawa. Rusaka. Ndinaona dzanja lawo likukwera kukagwira kumutu, ndipo bana Mutinta, amene anali ataima pakhomo, anafuula kuti, "Yesu! Yabagwila nabo!"

Koma sikunali kudwala. Kunali kukumbukira. Mwamuna wamkulu, katswiri wa mafakitale, anatsetsereka pampando mpaka mawondo anafika pansi, n'kuyamba kuwomba m'manja.

"Ba mayo, nalakwa. Ni ine. Si imwe."

Nkhani yake ndi iyi. Kiyibodi yopanga wekha imabadwa yosadziwa kanthu. Umachita kuiuza pa kompyuta kuti batani ili ndi chilembo chakuti, ili ndi chakuti. Tsiku limene ankachita zimenezi magetsi anazima asanamalize. Atayaka, anapeza kuti kwatsala malo awiri opanda zilembo, ena kumanzere, ena kumanja, ndi zilembo ziwiri zopanda malo, L ndi R. Naomi ankawaitana kuti chakudya chikuzizira. Ndiye anangoti, izi n'zosavuta.

"Ninati L ni lefuti, R ni laiti," anatero, osakweza mutu.

Aliyense amene anadutsa pansi pa rula amadziwa kuti pa kiyibodi zinthu zimenezi zinakhala mopingasa. R amagundidwa ndi dzanja lamanzere, L ndi lamanja. Zala za apongozi zimadziwa zimenezi, ndi chifukwa chake zinalemba Rusaka. Koma tsiku limenelo sanafunse zala, anafunsa mutu wanjala.

"Nanga simunaiyese?" Naomi anafunsa, mawu atakwera.

"Ninaiyesa. Ninapanga na vidiyo. Banthu banaikonda maningi."

"Munaiyesa bwanji?"

"Ninamvelela thoko."

Anaimvera kulira. Anaijambula mbali zonse, anaipukuta, anaitumiza kwa anzawo, anzawo anaiyamikira. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti kodi chinthuchi chimalemba chiyani.

Pamwambo wathu mpongozi saseka mokweza pamaso pa mkamwini. Ndinayesetsa. Ndinaluma milomo, ndinaphimba kumaso ndi chitenje. Koma zinakana. Ndinaseka mpaka ndinakhala pansi pasimenti, misozi ikutsika kachiwiri tsiku lomwelo, koma ino inali ina. Zala zanga zilibe mlandu! Ndinazipsompsona chimodzi chimodzi, anthu akuona. Naomi anayamba ndi kukalipa, n'kuthera kuseka atagwira khoma. Bana Mutinta anayambitsa kolasi. Apongozi okha ndi amene anakhalabe chogwada, mpaka ndinachita kuwauza kuti dzukani bambo, simunaphe munthu.

Kukonza kwake sikunatenge nthawi. Madzi a tiyi asanawire, L anali atabwerera kwawo.

Tsopano ndakhala ndikuganiza. N'zosavuta kuwaseka bashi Taonga, ndipo ndawaseka mokwanira. Koma kodi si mmene timayesera zinthu tonsefe? Chikomekome cha mkuyu, akuluakulu anatero, m'kati muli nyerere. Timaonana panjira, wina wavala bwino, nkhope yadzozedwa, mawu akumveka amphamvu. Muli bwanji? Ndili bwino. Thoko wabwino kwambiri. Timadutsana aliyense atakhutira, ndipo palibe amene wayang'ana chimene thupilo likulemba.

Choipa kwambiri n'chakuti timadziyesanso tokha motero. Thupi likalakwitsa liwu, timafulumira kupeza wolakwa wina. Ndi dzuwa. Ndi ukalamba. Ndagona moipa. Ndi nsapato. Amuna ndiye aphunzitsi a zimenezi, koma nafenso amayi sitili kutali, chifukwa timati ndikagona m'chipatala adzaphikira ana ndani. Ena timaopa mzere wa kukiliniki, ena timaopa kuti akatiuza zimene sitikufuna kumva, ngati kuti matenda amadikira kuti atchulidwe dzina kaye ndiye ayambe ntchito. Ena timaopa kuseka kwa anthu, kuti wathamangira kuchipatala chifukwa cha kanthu kachabe.

Ine ndasekedwa. Nkhani yafika kale pamsika, ndipo Thoko wa repu uja dzulo anandilonjera kuti, "Ba mayo, ret us play." Mlembi wa mpingo akuti aisunga kuti adzainene pa ukwati wa Taonga. Asiyeni aseke. Kusekedwa sikupweteka ngati kusambitsidwa.

Ndipo kwa anzanga a mapemphero ndili ndi mawu amodzi okha. Tengerani bana Mutinta. Sanasiye pemphero, sanasiyenso basi. Wokutsina khutu ndi mnansi, ndipo wanga anandikoka dzanja lomwe.

Loweruka ndinakwera minibasi kupita ku Shimabala. Ndinapeza alongo anga atakhala pansi pa mtengo wa mango, pampando umene amawaikapo m'mawa kuti aziona munda umene sathanso kulima. Ndinawafotokozera zonse. Nditafika pa Rusaka anaseka ndi theka la nkhope limene limamverabe, mpaka anatsokomola, alamu anga n'kuthamanga ndi madzi.

Atapuma anandigwira ndi dzanja lawo lamoyo. Mawu awo amafuna kudikira, ndiye ndinadikira.

"Iwe... unanamizila mutu," anatero. "Ine... ninanamizila foni."

Anasonkhanitsa mawu otsala.

"Bodza yako... ndiye yabwino."

Nthawi yomweyo foni inalira pakhonde. Alamu anga anaitola n'kuyamba kukambirana ndi munthu wofuna tomato. Ndinaizindikira ndi mng'alu wa pakona. Ndi foni yomwe ija, imene inafa chaka chija. Ikugwirabe ntchito bwinobwino, imalemba chilichonse chimene waiuza, sinapitepo ndi kwa okonza komwe.

Ndinayang'ana kumbali kuti alongo anga asaone nkhope yanga.

Tsono apongozi, nayi ndemanga yanu, ndipo muiwerengere anzanu a makiyibodi. Pa maonekedwe, palibe inzake m'Kafue muno. Pa kulira, thoko wake ndi woti n'kuthokozadi. Ku zala ndi yofewa ndi yaulemu, ndipo danga lonseli ndalitaipa pa iyo popanda kupweteka phewa. Langizo langa ndi limodzi, kuti tsiku lina musanaikulunge m'chitenje muziyamba mwaiuza ilembe Lusaka. Koma musadzimvere chisoni. Makiyibodi onse olongosoka amene ndagwiritsapo ntchito sanandiuzepo kanthu za magazi anga. Yanu yolakwitsayi ndi imene inandifikitsa pa lamba wa nesi ndikuyenda ndi miyendo yanga. M'mawa uliwonse ndikamameza kambewu kanga ka bipi ndimaiyang'ana, ndipo ndimaikhululukira.

Kwa ine inalidi kiyibodi. Ndinachita mwayi, ndipo ndikudziwa kuti ndi mwayi.

Nanga inu amene mukuwerenga, kapu ija yakhala ikukupulumukani m'manja, mutu uja mukuti ndi dzuwa, foni ija yayamba kulemba zosokonekera, mwatsimikiza kuti ndi foni?